Clarrie Pascoe ndi Mimba za Sitima

Ku Port Ellory mukafunsa kuti ndani anatsitsira m'madzi sitima zankhondo zambiri kuposa wina aliyense, akuuzani kuti Clarrie Pascoe. Mukafunsanso kuti ndani m'tauni yonseyo sanaonepo sitima ikutsikira m'madzi, akuuzani dzina lomwelo, kenako akuuzani kuti muwagulire mowa kaye. Agalu anaona. Akaidi anaona ali padenga la ndende. Kutsidya kwa doko kunali ng'ombe imene inaonerera sitima zochuluka mpaka inayamba kumayasamula. Koma Clarrie, mwini wake wa ntchitoyo, ayi ndithu.

A Pascoe onse anali afupi. Makolo awo anachokera kumigodi ya ku Cornwall, kumene munthu wamtali sakhalitsa, ndipo mbumba yonse inkabadwa itawerama kale. Clarrie ndiye anachita kunyanya. Akakhala pampando miyendo inkalendewera, akaimirira ankafupikiranso.

Kampani imene anaigwirira ntchito moyo wake wonse inayambidwa ndi amuna awiri, Harbutt ndi Sloane, amene anadana kuyambira tsiku limene anagwirana chanza. Harbutt ankadziwa zitsulo, Sloane ankadziwa kulankhula ndi boma. Poyamba ankangomata zombo zonyamula malasha. Boma litazindikira kuti dziko lozunguliridwa ndi nyanja silingamangobwereka sitima zankhondo kwa ena, Sloane anagula chipewa chatsopano, n'kupita kulikulu, n'kubwerako ndi ntchito ya sitima yoyamba. Harbutt anaimanga ali wokwiya, n'chifukwa chake inalimba koopsa. Awiriwo anamwalira mwezi umodzi, poti aliyense ankakana kutsala ndi ntchito ya mnzake.

Sitima kwa Harbutt inkamangidwa pamtunda, pamtsetse wolunjika kunyanja, itakhala panjanji ziwiri zamatabwa. Tsiku loitsitsa likayandikira, njanjizo ankazipaka mafuta a nkhosa ndi sopo, mafuta ochuluka moti nkhosa za m'dera lonselo zikamva kuti kwa Harbutt sitima yatsala pang'ono kutha, zinkayamba kuonda dala. Kenako ankachotsa michirikizo umodziumodzi mpaka kutsala umodzi wokha, pansi penipeni pa mimba ya sitima, m'kadzenje ka pakati pa njanji ziwirizo. M'kadzenjemo munkakwana munthu mmodzi, wamfupi, ndi chinyundo chake. Pamwamba pansanja, mkazi wa munthu wamkulu ankaphwanya botolo la vinyo pamphuno pa sitima, kapitawo n'kuliza belu. Belu likalira, wam'dzenje ankamenya mchirikizo kamodzi, n'kudzigwetsa chafufumimba, nkhope m'dothi, manja kumutu. Ukachedwa kugwa sitima inkakumeta, ndipo sinkalekera patsitsi. Lamulo lake linali lalifupi ngati eni ake: belu, menya, igwa.

Ndiye phiri lachitsulo linkadutsa pamsana pako likubangula, mafuta akupserera, maunyolo oichedwetsa akutulutsa fumbi la dzimbiri. Pomati udzuke, upukute m'maso, ukwere makwerero, unkapeza sitima ili phee pamadzi ngati inabadwira pomwepo, anthu akuvala zipewa kubwerera kwawo.

Dzenje limeneli linali la a Pascoe monga mphuno yawo. Clarrie ali mwana, mayi ake ankatsekera ana m'nyumba tsiku lotsitsa sitima, makatani otseka, ati ndi malodza kuti banja lizionerera chitsulo chikudutsa pamsana pa bambo wawo. Chaka chimene Clarrie analowa ntchito, msana wa bambo ake, a Jabez, unakana, ndipo anamutengera kudzenje kukamupatsa chinyundo.

"Kodi pamwamba paja pamaoneka zotani, bambo?" anafunsa Clarrie.

"Zipewa," anatero a Jabez. "Zipewa ndi anthu olankhula. Zenizeni zili pansi pano. Gwira apa, osati apo, uthyoka dzanja."

Sitima ikatsika, mafuta a nkhosa aja ankayandama padoko ponse, zibumazibuma, ndipo amayi a m'tauni ankathamangirako ndi mabwato kukawavuula kuti akapangire sopo. Katswiri wawo anali Merle Hanrahan, mtsikana wamtali ngati mlongoti, wa mikono yoti akapalasa kamodzi bwato linkayamba lafika, madzi n'kumatsatira pambuyo. Ankati tsiku lina analimbirana chibuma cha mafuta ndi shaki, nsomba yolusa ya m'nyanja, n'kuimenya ndi nkhafi pamphuno, shakiyo inachita kupepesa. Merle ameneyu anamupeza Clarrie atakhala m'mphepete mwa madzi atangotuluka m'dzenje, thupi lonse mafuta ndi dzimbiri, maso okha ali mbee.

"Ameneyu ndimuponye m'dengu, kapena ali ndi mwini wake?" anafunsa Merle.

Clarrie analavula dothi. "Iwe unaiona ikutsika?"

"Aliyense waiona."

"Inatsika bwanji?"

Merle anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo umene sunali wautali. "Ngati tchalitchi chaponda khoko la nthochi," anatero. "Funde lake linakafika kutsidya, n'kunyamula bambo wina ali m'chimbudzi, n'kukamutsitsa pakati pa bwalo la mpira, nyuzipepala ili m'manja, osanyowa ndi pang'ono pomwe."

"Ukunama."

"Unaliko iwe?"

Clarrie analibe choyankha, choncho anamukwatira.

Paukwati wawo ndi pamene anthu anadziwa kuti dzenje lamulowa m'magazi. Akutuluka m'tchalitchi atagwirana mikono, belu la pansanja ya tchalitchi linalira. Mkwati anapezeka ali chafufumimba pamakwerero, manja kumutu. Achibale a Merle anati wakomoka ataona bwinobwino chimene wachita. Merle anangomunyamula ndi lamba, n'kumuimika, n'kumusasa fumbi ndi maluwa a ukwati.

Kuyambira pamenepo belu lililonse linali mdani wake. Basi yamagetsi ikaliza belu, Clarrie pansi. Wogulitsa ayisikilimu akadutsa, Clarrie pansi. Msewu wodutsa kusukulu anauleka. Kunyumba kwawo Merle anazula belu la pachitseko, moti mlendo ankachita kuima pakhonde n'kumatsokomola, ndipo m'busa wina waulemu kwambiri, wosafuna kutsokomola mokweza, anaima pamenepo mpaka anamera ndevu. Popanda chinyundo, dzanja la Clarrie linkangogwedezeka pang'ono, koma kugwa kokha sikunkaphonya.

Nkhondo yaikulu itabuka, kwa Harbutt kunalibe tchuthi. Sitima zinkabwera zitabooledwa mabowo oti basi n'kukhotamo osabwerera m'mbuyo. Ankazilowetsa m'chidziwe cha simenti, n'kupopa madzi onse mpaka sitima ikhale pouma, ndipo Clarrie ankatsikira pansi pake kukaichirikiza. Zatsopano zinkatsika motsatizana, iye m'dzenje. Zakale zinkabwera kudzakonzedwa, iye pansi. Mimba za sitima ankazidziwa monga mzamba, iyi ya nthiti zopindika, iyi ya chipsera, iyi yonyada. Koma tsiku lina akuyenda padoko anaimitsa msilikali wapamadzi n'kumufunsa kuti sitima yokongolayi yachokera dziko liti. Inali yomwe anaimanga yekha chaka chathacho.

Nkhondo itatha kunabwera amisiri ambiri a kunja, ndipo pakati pawo panali Salvu Zammit wa ku Malta, wowotcherera zitsulo, munthu woseka ndi mimba yonse. Salvu anamva za nthenda ya Clarrie tsiku loyamba, tsiku lachiwiri anagula kabelu ka njinga. Ankayenda nako m'thumba. Kubala, mowa wa Clarrie ukangofika uli wodzaza, kabelu kankalira, ndipo Clarrie podzuka ankapeza tambula ili gwaa, Salvu akupukuta thovu kundevu.

"Aise, uli ndi mwayi iwe," ankatero Salvu. "Anzako timayamba tamwa kenako n'kugwa. Iwe umagwa osawononga chiwindi."

"Tsiku lina kabelu kako ndidzakumezetsa."

"Ndikadzameza uzidzagwa ndikangotsokomola. Tamvera, ya dzulo ija unaiphonya. Mbendera, lipenga, mayi wa botolo atavala chipewa chokhala ndi munda wonse wa zipatso pamwamba."

"Merle wandiuza kale."

"Merle wati chiyani?"

"Wati inalowa m'madzi mwaulemu moti nsomba zinaimirira."

"Eya, zoona zimenezo," anatero Salvu. "Ine ndinaona imodzi itavula chipewa."

Clarrie ankaseka nawo, koma mumtima chinthucho chinkamudya. Munthu wogwetsa mchirikizo womaliza, munthu amene popanda iye mayi wa botolo akanangotsala ndi magalasi osweka, ankamva za ntchito yake ngati nkhani ya kudziko lina. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kuona ndi maso ake, kamodzi kokha, sitima yake ikulowa m'madzi.

Anapita kwa kapitawo, Tully, kukapempha kuti tsiku limodzi m'dzenje mulowe wina.

"Palibe vuto, Clarrie," anatero Tully. "Ndipezere munthu wokwanamo."

Apa ndiye panali tsoka. Nkhondo itatha boma linayamba kumwetsa ana mkaka kusukulu, ndipo m'badwo wonse unangothamangira kumwamba ngati nsungwi. Clarrie ankaima pachipata m'mawa kuyeza ndi maso aliyense wolowa ntchito kumene. Wamfupi yekha amene anapezeka anali wonenepa, anamuyesa m'dzenje n'kukanirira, anachita kumupaka mafuta a nkhosa kuti atuluke, ndipo ena amati ameneyo ndiye anali sitima yaing'ono kwambiri imene kampaniyo inatsitsapo. Chiyembekezo chinatsala pa mwana. Merle anabereka mmodzi, Noreen, amene anatengera mayi ake, moti asanayambe sukulu ankamuona bambo ake pakati pa mutu.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," Merle ankamuuza.

"Nkhono ndaziona zambiri," ankayankha Clarrie. "Zimamera kumimba kwa sitima."

Zaka zinapita. Misomali yotentha yolumikizira zitsulo inatha, kunabwera kuwotcherera. Boma linagula kampaniyo, linatopa nayo, linaigulitsa kwa Angerezi, Angerezi anaigulitsa kwa anthu amene palibe anawaonapo nkhope. Mwini watsopano aliyense ankapenta dzina lake pachikwangwani cha pachipata, utoto pamwamba pa utoto, mpaka chikwangwanicho chinanenepa n'kuyamba kukhula malole odutsa. Antchito ankangoti kwa Harbutt. Clarrie anamera imvi ali m'dzenje lomwelo, ndipo madzulo a tsiku lililonse lotsitsa sitima ankakhala patebulo, Merle atamuikira buledi wopaka mafuta a nyama ndi tiyi, iye n'kufunsa funso lake lija. Mafunde a Merle ankakula chaka ndi chaka. Lina linakafika ku New Zealand n'kubwerako ndi nkhosa ziwiri.

Kenako kunamveka kuti sitima imene inali pamtsetse, Tarraween, ndiyo yomaliza. Ikatsika, kwa Harbutt kuzingokonzedwa zakale. Tsiku lina m'mawa bwana wamkulu, Forsyth, anatsikira yekha pansi pa sitima, atavala chisoti choyera chosakandika, nkhope ili ngati ya munthu wokanena maliro.

"Bambo Pascoe, ndabwera ndi nkhani yovuta. Tagula makina. Mchirikizo womaliza uzichoka wokha munthu akadina batani pansanja. M'dzenje simufunikanso munthu. Ndikudziwa kuti bambo anu, ndi agogo anu..."

Sanamalize. Clarrie anali atamugwira dzanja akuligwedeza ngati mpope wa pachitsime.

"Ndiye kuti tsikulo ndilibe chochita, bwana?"

"Mulibe. Pepani kwambiri."

"Pansanja paja pamakhala mipando?"

Forsyth, amene anakonzekera misozi kapena chibakera, analonjeza mipando itatu ya kutsogolo. Clarrie anayamba kuchoka, n'kubwereranso.

"Nanga belu, bwana? Makinawo adya ndi belu lomwe?"

"Belu ayi. Umenewo ndi mwambo, sitingausiye."

Kunyumba kunakhala msonkhano wa nkhondo. Salvu anati amumangirire kumpando ndi chingwe. Merle anati mwamuna wake sakaonekera pamaso pa akuluakulu atamangidwa ngati mbuzi ya pamsika. Anagwirizana za thonje m'makutu, lothina bwino, ndiponso kuti Merle agwire mkono wamanja, Salvu wamanzere. Anayeserera kukhitchini. Salvu analiza kabelu kake kukhutu kwenikweni, Clarrie ali njo, akumwetulira ngati mwana wobatizidwa. Merle anamulanda Salvu kabeluko n'kukatsekera m'chitini cha shuga.

Kwa Merle nakonso kunali koyamba kukwera pansanja. Bwato anali atalisiya, poti mafuta a nkhosa anasinthidwa ndi ena a m'migolo, onunkha ngati garaja, amene ngakhale shaki sinkawafuna.

Tsikulo kunacha bwino. Clarrie anavala suti ya paukwati ija, imene inali ikadali ndi chipsera pamawondo. Atakwera pansanja anakweza maso, n'kuona Tarraween kuyambira kumphuno, imvi ngati mtambo wa mvula, mbendera zili petupetu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Kani kumwamba kuno zimakhala chonchi," anatero mokuwa, poti munthu wathonje m'makutu sadziwa kukula kwa mawu ake. Akuluakulu a mizere itatu anatembenuka.

Zolankhula zinayamba. Clarrie sankamva kanthu, ndipo pa anthu onse a pansanjapo ndi iye yekha amene anasangalala nazo. Ankangoona pakamwa pakutseguka ndi kutsekeka ngati nsomba za m'galasi. M'busa anapemphera. Kenako mayi wa botolo, mkazi wa nduna ina, anaimirira, n'kugwira botolo lolendewera pa chingwe, n'kuliponya.

Botolo linagunda chitsulo n'kubwerera lili lamoyo. Mayiyo analiponyanso. Linabwereranso, n'kutsala pang'ono kuchotsa chisoti cha Forsyth. Khamu lonse linayamba kuseka, ena akuwerama, ena akuloza. Clarrie anaona mano a anthu chikwi ali panja, osadziwa chimene chalakwika. Munthu amene wakhala moyo wake wonse pansi pa sitima akaona anthu akuloza, amaganiza za mchirikizo.

"Chachitika n'chiyani?" anakuwa.

Merle anamuyankha. Iye anangoona milomo.

"Wati chiyani?"

Merle ananenanso, akupukusa mutu mwamphamvu, maso atatuzuka. Clarrie anaona kuti mkazi wake akunena chinthu chofunika kwambiri. Merle ndi Salvu anali atam'gwira m'zigongono, koma zala zake zinali zaufulu. Anapendeketsa mutu, n'kusolola thonje la kukhutu lamanja.

"Ndati usachotse thonje," anatero Merle.

Botolo linasweka. Belu linalira.

Anthu amene analipo amati sanaonepo munthu wa imvi akugwa mwaluso chotero. Anapita pansi ngati wawomberedwa, ndipo poti anali atagwiridwa zolimba mbali zonse ziwiri, anatenga Merle ndi Salvu yemwe. Atatuwo anali chafufumimba pamatabwa a nsanja, mipando itawagwera pamsana. Nsanja inanjenjemera, lipenga linalira, khamu linafuula, maunyolo anabangula. Clarrie, nkhope ili pathabwa, anatsegula diso limodzi. Anaona nsapato ya mkazi wa nduna, ya chidendene chosongoka, ndi kachidutswa ka botolo.

Pomadzuka, Tarraween inali phee pamadzi.

"Aise," anatero Salvu akutola mano ake oikirira, "ine ndinachoka ku Malta kudzaona pansi pa mpando?"

Madzulo amenewo kunyumba Merle anakhala ataika mwendo pampando, bondo litatupa ngati papaya. Clarrie sanakhudze buledi wake. Sitima yomaliza inali itapita, ndipo panalibenso ina yoti adikire. Tiyi anazizira. Kenako, poti pakamwa pali ndi chizolowezi chake ngati mawondo, anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Inatsika bwanji?"

Merle anasisita bondo lotupalo. "Inayamba pang'onopang'ono," anatero, "ngati mkwatibwi wosafuna kuchoka kwawo. Itafika pakati inakumbukira kuti kwawoko kulibe chabwino, ndiye inathamanga moti utoto unatsalira m'mbuyo, unachita kuithamangira. Funde lake linalowa mubala, n'kutsuka matambula onse, n'kuwasanja pashelefu."

"Merle, iwe unali pansi ndi ine. Chigongono chako chinali m'khosi mwanga."

"Ukufuna nkhani kapena ukufuna mlandu?"

Clarrie anaganiza. "Nkhani," anatero, n'kukoka mbale ya buledi.

Anapuma ntchito chaka chomwecho. Anamupatsa chinyundo chija kuti apite nacho, poti panalibe wina wochifuna. Kwa Harbutt kunakonzedwa sitima zakale zaka zingapo, kenako chipata chinatsekedwa. Chikwangwani chija anachichotsa ndi makina onyamulira injini. Pamtsetse anamangapo nyumba zosanja za anthu olemera, ndipo pomwe panali dzenje pali malo omwera khofi, pamene anthu amalipira ndalama zambiri kuti akhale pamalo amene Clarrie ankagonapo ulere. Salvu anamwalira, n'kumusiyira mnzake kabelu kena ka njinga kokutidwa bwino m'kabokosi. Merle anakaponya padoko. Maso a Merle nawo anayamba kuchita chifunga, mpaka anatsala ongosiyanitsa usana ndi mdima, koma pakamwa pokha panalibe chifunga.

Clarrie anali atakalamba moti ankafupika ndi sabata, pamene Noreen anabwera ndi nkhani ya pa wailesi. Tarraween inali itatha ntchito yake. Anaichotsa mfuti, mawaya ndi mafuta, ndipo ankati akaimiza kunja kwa doko kuti ikhale nyumba ya nsomba ndi malo osewerera anthu osambira pansi pa nyanja.

"Ndiye kuti ikulowa m'madzi," anatero Clarrie.

"Yonse, bambo. Mpaka mlongoti."

"Pali belu?"

Noreen anafunsa kwa okonza mwambowo, kawiri. Belu la sitimayo linali litapita kunyumba yosungira zakale. Chizindikiro chinali lipenga basi.

Anapita m'mawa pagalimoto ya Noreen mpaka pamwamba pa phiri loyang'ana kunyanja, pomwe panali anthu ambirimbiri ndi mipando yopinda, ma soseji akuwotchedwa. Clarrie anakana mpando wakutsogolo, anakana thonje, anakana kugwiridwa. Anapempha chinthu chimodzi, kuti aliyense wa njinga akaiimike kutali. Merle anakhala pambali pake atafunda bulangeti, nkhope italoza kumene kunkachokera mphepo.

Tarraween inali patali pang'ono, yokhayokha, yadzimbiri m'mbali. Munthu wa chimkuzamawu anafotokoza kuti akatswiri aika zophulitsa m'malo oyenera, ndipo sitimayo itsika ili chilili, mwaulemu, n'kukakhala pansi monga imakhalira pamadzi.

Lipenga linalira. Mawondo a Clarrie anafunsana okhaokha, n'kugwirizana kuti limeneli si lawo. Anakhalabe chilili, maso ali tong'o.

Kunamveka kuphulika kogonthera, utsi unatuluka m'mbali. Sitima inayamba kutsika pang'onopang'ono, madzi akukwera. Kenako inaima. Inapendekera kumanzere ngati nkhalamba yofuna kumva bwino. Wa chimkuzamawu anati zimenezo n'zachibadwa. Inapendekerabe. Wa chimkuzamawu anasiya kulankhula. Ndipo Tarraween, pamaso pa khamu lonse ndi makamera a wailesi yakanema, inagudubuka yonse, mlongoti pansi, n'kutulutsa mimba yake kumwamba, yofiira, yonyowa, yomera nkhono ndi ndere, ikung'anima padzuwa.

Khamu linabuula ndi chisoni. Clarrie anakwera pampando wopinda, Noreen atamugwira lamba. Anaona nthiti zija, anaona mzere umene Salvu anawotcherera mokhota tsiku lina atadzuka ndi matsire, anaona malo amene pankakhala mchirikizo womaliza.

"Ndi iyeyo," anatero. "Kumwamba kuja sindinkamudziwa. Uyu ndi iyeyo."

Mimbayo inakhala pamwamba kanthawi, ngati ikudikira kuti aione bwino. Kenako inapuma mpweya wautali, madzi anaiphimba, panatsala thovu loyera ndi mbalame zikuzungulira. Clarrie anaona zonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaphethira. Anatsika pampando, n'kupukuta m'maso, ati mphepo ya kunyanja.

Merle anamukoka jekete. "Tanena, nkhalamba iwe. Yatsika bwanji?"

Clarrie anatsegula pakamwa kuti anene zoona, n'kuona kuti zoonazo n'zazifupi kuposa iye. Anakhala pansi, n'kusendera kufupi ndi khutu la mkazi wake.

"Inayamba yayang'ana phiri lonseli, munthu mmodzimmodzi, mpaka inandipeza. Ndiye inati, bambo awa nkhope yanga saidziwa, n'kutembenuka. Funde lake lapita mpaka kubwalo la mpira, lakanyamula bambo uja unamusiya kumeneko, n'kukamubwezera m'chimbudzi mwake. Nyuzipepala anali asanamalize."

"Ukunama."

"Unaona iwe?"

Merle anaseka mpaka bulangeti linagwa. "Zaka zonsezi ndimayesa ndikuphunzitsa mwala," anatero. "Pitiriza. Nsomba zinatani?"

Anapitiriza mpaka tiyi wa m'fulasiki anatha, anthu onse atapita, Noreen akuliza hutala m'galimoto.

Clarrie anamwalira chaka chotsatira, ali m'tulo ta masana, atagona chafufumimba. Pamaliro ake, bokosi likutuluka m'tchalitchi chomwe chija, belu la pansanja linalira, ndipo okalamba a kwa Harbutt amene anatsala anayang'ana bokosilo mwachizolowezi. Merle anati asavutike, ulendo uno wayamba yekha kugona belu lisanalire.